Kaphapo Kosowa ku Springburn

Nkhani ya kuba inafika panyumba ya maliro nthawi ya tiyi, ndipo amene anabwera nayo ndi Atusaye, yemweyo amene ankalozedwa chala kuti ndiye mbava.

Apa n'kuti thupi la Elias lili kale m'bokosi kwa anthu osunga maliro, likungodikira ndege ya mawa lake. Fulati yake ya ku Maryhill, mumzinda wa Glasgow, inali yodzaza ndi Amalawi mpaka pakhomo. Azimayi anali atakhala pa kapeti miyendo tambalale, azibambo ataimirira m'khitchini poti mipando inatha, nsapato zonyowa ndi mvula zitaunjikana pakhomo ngati pa kaunjika. Mable, mkazi wa malemuyo, anali kuchipinda atadzitsekera.

Woyendetsa zonse anali Ketrina wa fulati ya m'munsi. Mayi ameneyu amagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo ngati ku Maryhill kuli munthu wodziwa kuti banja la yani likugwedezeka, kapena kuti ndani anabweretsa mpunga wa dzana ku phwando la tchalitchi, ndi iyeyu. Iyeyu ankamutenga Mable ngati mng'ono wake weniweni. Onse ndi a ku Ntcheu, ndipo tsiku limene Mable anatsika ndege mu Januwale atavala timasilipasi, jekete yoyamba kumufunda inali ya Ketrina.

Ndiye Ketrina akutuluka ndi ketulo, anangoona mnyamata wakhala pa masitepe, mutu uli m'mawondo.

"Iwe Atusaye, wakhala apo ngati wothamangitsidwa bwanji? Lowa, azibambo ali m'khitchini."

"Anti, sindingalowe. Ndikuchokera kupolisi."

Ketrina anaika ketulo pansi.

Atusaye ndi mnyamata wa ku Karonga, wamtali, woonda, wa magalasi. Anaphunzira za mainjini konkuno ku Glasgow, ndipo atamaliza, Elias ndiye anamukokera kuntchito kwake, kakampani kakang'ono kamene kali m'shedi yakale ya sitima ku Springburn. Lamlungu lililonse mnyamatayu ankadya kwa Elias. Paja banjali linalibe mwana, ndipo anthu ena, mukuwadziwa anthu, ankazinong'ona zimenezo kuseri kwa mabuku a nyimbo.

"Akuti ndaba kaphapo, anti."

"Ka chiyani? Ndiuze bwinobwino, ine za kuntchito kwanu ndimangomva kuti mukufuna kupita kumwezi."

"Si kumwezi, anti." Ngakhale misozi ili m'maso, mwana uja anakonza magalasi ake n'kuyamba kuphunzitsa, poti ndi mmene alili. "Maroketi amene mumaona pa TV aja amasenza mpweya woyatsira moto m'matanki akuluakulu. Ndiye amalemera, amadula, ndipo ambiri akauluka kamodzi basi, zidutswa zimakagwera kunyanja. Chombo chathuchi chizinyamuka ngati ndege. Chizipuma mpweya womwewu tikupumawu mpaka kumwamba kumene mpweya umathera, chizikatula katundu, chizibwerera. Mawa lake chiziulukanso, ngati basi ya ku Easterhouse. Tsono chikathamanga kwambiri, mpweya umalowa uli wotentha moti ungasungunule chitsulo. A Elias anapanga kanthu kouziziritsa mwachangu, musanaphethire n'komwe. Timapaipi tambirimbiri, toonda ngati tsitsi, topiringizana. Kukula kwake ngati buledi watheka. Ankakatcha kaphapo, poti ndi kamene injini ipumire."

"Ndiye kaphapoko katani?"

"Kanali pa tebulo lawo, kofundidwa nsalu, chigwereni iwo n'kumwalira kuntchito komweko. Palibe ankafuna kukhudza tebulo limenelo. Dzulo a Bruce, abwana athu, avundukula nsalu ija, pansi pake palibe kanthu."

"Nanga iwe ukulowapo bwanji?"

"M'chipinda mmene muli tebulolo mulibe makamera, ngakhale foni salola. Ine anandiona ndikulowa ndekha tsiku lotsatira imfa."

"Unkakatani?"

"Kukalira, anti. Kuchimbudzi kunali anthu."

Ketrina anayang'ana kumbali.

"Komanso mwezi watha kampani ina inandiimbira kuti ndikagwire kwawo. Ndinakana, koma ndinadzitama nazo pa tiyi, aliyense anamva. Ndiye akuti ndawagulitsa kaphapo. Mawa masana kakapanda kupezeka andichotsa ntchito, ndipo ntchito ikatha viza yanganso yatha. Ndikatsika ku Karonga ndi dzina la mbava yobera munthu wakufa. Munthu amene ankandipakulira ndiwo ndi dzanja lake."

Inu, pali dzina loipa kuposa limenelo?

"Palibenso wina analowamo?" anafunsa Ketrina.

"Palibe. Kupatula a maliro aja basi, tsiku limene anabwera kudzaona pamene a Elias anagwera."

"A maliro ati?"

"Mayi Mable ndi abambo Overtoun. Kodi inu simunamve?"

Sanamve. Ketrina, amene ankasambitsa Mable, kumupesa tsitsi ndi kumukakamiza phala sabata yonseyo, za ulendo umenewu sanauzidwe ngakhale liwu limodzi.

*

Abambo Overtoun, mkulu wa mpingo, anali pafupi ndi firiji atagwira kapu ngati chikho cha mgonero. Bamboyu sayankha funso asanakonze kukhosi, ndipo akayamba chiganizo mutha kukaphika mazira n'kubwerako asanamalize.

"Mayi Ketrina, ine monga mtumiki, sindimakonda kuulutsa zimene nkhosa yandipempha mwachinsinsi. Komabe, poona kuti nkhaniyi yafika kwa akuluakulu a boma..."

"Abambo, munapita liti?"

"Linali tsiku limene inu munali kuntchito. Mlongo wathu anandiimbira, nati ndimuperekeze, koma ndisauze munthu. Ndinamutenga pa galimoto yanga. Anatilandira bwino ndithu azungu aja, anativeka tizipewa ndi timatumba kumapazi ngati tikulowa mu fiyeta. Ndinapemphera. Sindinatalikitse."

Ketrina sanatsutse, ngakhale ankadziwa kuti zimenezo sizinachitikepo.

"Kenako mlongo anapempha kuti atsale yekha pang'ono. Tinatuluka. Atatuluka iyenso, ine ndinatsegula chitseko cha galimoto, monga mwa ulemu. Koma mayi, anandidutsa! Anandidutsa ngati ndine mtengo wa magetsi. Ndinaitana, 'Mayi Mable, galimoto ili kuno!' Osacheuka. Mvula ikugwa, iye ulendo wa kokwerera basi. Ndinabwerako ndekha ndi chikwama chake pampando."

"Chikwama anachisiya?"

"Anachiiwala m'katimo. Chisoni, mayi, chimasokoneza mutu. Ine sindinakhumudwe. Ndinangodabwa kuti pofika kuno sanapepese."

Ketrina anatenga jekete yake pa msomali. Azimayi awiri anamufunsa kumene ankapita, iye anati kukagula shuga.

*

Ku Springburn mvula inali itasanduka kamvula kaja kosaoneka kamene kamanyowetsa mpaka zamkati. Bruce anatuluka yekha kudzamulandira. Ndi mzungu wonenepa, wofiira nkhope, wolankhula Chingerezi cha ku Glasgow chothamanga chija, choti ngakhale Ketrina wa zaka zambiri kuno amachita kutchera khutu. Maso ake anali otupa.

"Ndinu mnzake wa mkazi wa Elias? Lowani. Koma ngati mwabwera kudzapepesera mnyamata uja, musavutike. Ndinkamukonda. N'chifukwa chake zikundiwawa."

Anamutengera pa windo lalikulu la galasi. Mkatimo munali moyera mbee, makoma, denga, pansi ponse ponyezimira ngati mbale ya m'kabati. Anthu awiri ovala zoyera mpaka kumutu ankayenda pang'onopang'ono ngati akuopa kudzutsa mwana.

"Umo simulowa fumbi," anatero Bruce. "Kafumbi kamodzi kakhoza kutseka kapaipi. Elias ankakalipa akapeza ngakhale tsitsi. Anagwera apo, pafupi ndi tebulo lachiwiri. Anali atangokatulutsa m'makina oyesera, kanachita bwino koyamba m'zaka zonsezi. Anatembenuka kuti andionetse, akuseka. Kenako mawondo anangopinda. Mtima, akutero madokotala. Ndine ndinakachotsa m'zala zake. Anakagwira mwakuti sikanagunde pansi."

Bambo wamkulu uja anasisita mphuno ndi nkhonya.

"Mable atabwera anakufunsani chiyani?" anatero Ketrina.

"Zimene amafunsa amasiye onse. Ngati anavutika. Ngati ananena mawu. Chimene anagwira m'manja. Ndinamuuza zonse."

"Potuluka ananyamula kanthu?"

Bruce anamuyang'ana ngati wamutukwana. "Mayi womvetsa chisoni uja? Anatuluka atapinda msana, manja atagwira pamimba m'kati mwa chijekete chake, ngati munthu wolasidwa. Ndinamuthamangira ndi chikwama chake mpaka pageti, ndikukuwa. Sanandimve n'komwe. Ndipo akanakatenga kuti akatani nako? Sangakagulitse, sadziwa n'komwe kuti mutu wake ndi uti. Wotenga ndi wodziwa mtengo wake. Ndipo ndikuuzeni, kanthu kaja sikatuluka m'dziko muno popanda chilolezo cha boma. Amene akapezeke nako pa eyapoti, ameneyo ndi wa kundende. Kamuuzeni mnyamata wanuyo abweze kasanafike patali."

Ketrina anayang'ananso pansi ponyezimira paja. China chake chinayamba kumukayikitsa, koma anali asanachigwire.

*

Anachigwira m'khitchini mwake momwe, chifukwa cha Tusekelege.

Tusekelege ndi uja amaimba alto mokweza kuposa kwaya yonse. Ketrina anamubwereka khitchini kuti akazingire mandasi a anthu a pamaliro, ndipo anamupeza mafuta akuwira, iye nkhope ikuwala ngati munthu amene wasunga nkhani mpaka yayamba kumupweteka.

"Asisi, tsekani chitseko. Ine sindimafuna kunena, mukundidziwa ine si wa zonenanena."

"Nena, Tuse."

"Mnzanu uja ali ndi chibwenzi."

"Ukupenga?"

"Ndinamva ndi makutu angawa! Tsiku lija ndikuchokera ku shifiti, ndakwera basi ya ku Springburn, ndangoona Mable uyu wakwera, wanyowa chonyowa. Ndikuti, 'Mable, pepa mnzanga, khala pano.' Ine kusuntha ndithu, kumupatsa malo. Iye phee! Maso kutsogolo ngati sitinabatizidwe mpingo umodzi. Wakakhala pampando wakutsogolo kwanga. Ndiye ndikumva akunong'ona. Ndinati ndi pemphero, ndinatseka maso kuti ndithandizeko. Koma pemphero lanji loti, 'Takwera basi tsopano, khalani bwino'? Pang'ono, 'Apa tikukhota, musatsale.' Tafika pa ngalande paja, 'Tikuwoloka madzi, gwirani ine.' Gwirani ine, asisi! Mwamuna ali mu firiji, iye ali pa foni ya m'khutu ndi wina, mawu ofewa ngati a pa chinkhoswe. Potsika, 'Tafika, tiyeni kunyumba.' Ine mpaka ndinasuzumira pawindo kuti ndimuone bamboyo."

"Unamuona?"

"Anabisala, ochenjera amenewo. Asisi, mwatani? Mandasi anga akununkha?"

Ketrina anali atakhala pampando osadziwa kuti wakhala liti. Sankaonanso Tusekelege. Ankaona msewu wa fumbi kwawo, chaka chimene mlongo wake anafa pa ngozi ya minibasi. Maliro asanaikidwe, azakhali awo anapita pamalo a ngoziyo, anagwada, anatola kamwala, anakamanga pa chitenje. Pobwerera sanacheuke ngakhale galimoto inawaimbira hutala, sanayankhe moni wa munthu, ndipo pa kamtsinje kalikonse ankanong'ona kuuza kamwalako kuti tikuwoloka. Kamwala kaja kanalowa m'bokosi. Kwawo amati munthu akafera kutali umayenera kukamutenga pamene anagwera, apo ayi amatsala komweko akusochera.

Nanga m'chipinda chopanda ngakhale kafumbi munthu angatole kamwala kuti?

"Tuse, nkhani yako ya chibwenziyo ukainenanso kwa wina, ndidzakuthira mafuta amenewo."

Anakwera masitepe. Atusaye anali adakali pomwe paja, wina atamupatsa tiyi amene sanamwe.

*

Kuchipinda kunali masutikesi awiri otseguka, malaya a Elias atapindidwa bwino kuti abale akagawane kumudzi. Mable anali pabedi atatsamira khoma, duku lakuda kumutu, bulangete mpaka pachifuwa. Anachepa sabata imeneyo moti ndolo zinkaoneka zazikulu.

Ketrina anatseka chitseko, anakhala m'mphepete mwa bedi. Kunja azimayi anali atayamba nyimbo yapansipansi.

"Mable, mng'ono wanga. Unakamutenga eti?"

Mable sanafunse kuti ndani. Anangotsitsa bulangete. Pamiyendo pake panali kamtolo kokulungidwa m'malaya a buluu a Elias. Anakavundukula pang'ono, ngati mmene mayi amaonetsera nkhope ya khanda. Timapaipi tija tinanyezimira, tosalala, topota ngati tsitsi loluka.

"Lankhulani motsitsa, asisi. Sakonda phokoso akamapuma."



"Amalume ake, a Gwanda, anaimba foni usiku womwe uja," anatero Mable. "Anati, 'Mwana wathu wafera m'dziko la eni. Mukangotumiza bokosi, mwatitumizira chikopa chokha. Katole kamwala pamene anagwera, ubwere nako m'manja mwako mpaka kumanda.' Ndinapita. Ndinagwada, asisi. Ndinapapasa pansi ponse, kunsi kwa tebulo, m'makona. Ngakhale kamchenga. Anthu aja amakolopa mpaka munthu kusowa pomutolera mwamuna wake. Ndiye ndinavundukula nsalu ija. Ndinati, ichi ndiye anagwira pomaliza, kutentha kwa manja ake kunathera apa. Ndinamuitana. Ndinati, 'Elias, ndine, tiyeni.' Ndipo anabwera. Ndinamumva."

"Bwanji sunandiuze?"

"Mukanati ndi zachikunja."

"Ine? Ndinayenda kumbuyo kwa azakhali anga tsiku limene anakatenga mlongo wanga. Sindikanatero." Ketrina anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Koma Mable, aka si kamwala. Akuti n'koletsedwa kutuluka m'dziko muno. Mawa pa eyapoti makina akakaona m'chikwama, akakugwira pomwepo. Bokosi likakwera lokha, iwe uli m'manja mwa apolisi."

"Ndikakabisa m'thupi."

"Ndi chitsulo, mwana iwe. Chikalira."

"Andimange. Ndikakhala naye m'ndendemo."

Ananena mosakweza mawu, ndipo Ketrina anaona kuti sakuopseza ayi, watsimikiza.

"Kanthu aka, asisi, kanandilanda mwamuna ali moyo. Loweruka ali ku shedi. Khirisimasi wadya mothamanga, wabwerera ku shedi. Ndikamuuza za kuchipatala, zoti tikayesenso za mwana, ankati, 'Dikira kaye, Mable, kaphapo kakangopuma tipuma tonse.' Usiku ankajambula timapaipi pa msana panga ndi chala, akuganiza kuti ndagona. Ankati tsiku lina ngakhale dziko losauka ngati lathu lidzatumiza makina ake kumwamba, oonera mvula ndi minda, chifukwa ulendo udzatchipa. Ine ndinkangoti eya. Ndinadikira. Lero kapuma, iye wasiya kupuma. Ndiye kandibwezere. N'zochuluka zimenezo?"

"Si zochuluka."

"Apange kena."

"Mwina apanga. Sindinabwerere kampani ine, kaya igwe kaya iyime. Ndabwerera Atusaye."

Mable anakweza mutu. "Watani Atusaye?"

Apa m'pamene Ketrina anazindikira kuti nkhani ija inali isanadutse chitseko chimenechi. Anamuuza zonse. Za polisi, za kulira m'chipinda choyera chija, za foni ya kampani ina, za mawa masana.

"Ali pa masitepe panjapa. Akuopa kulowa m'nyumba ya maliro a munthu amene akuti wamubera."

Mable anakumbatira kamtolo kaja mwamphamvu, nayamba kugwedezeka chamtsogolo ndi cham'mbuyo.

"Ayi. Ayi, asisi. Mwana uja sangabe ngakhale supuni. Elias ankati ndi mwana wathu woyamba, anangobadwa ndi ndevu." Anaseka kamodzi, kuseka kopweteka kumva. "Ndikafika kumudzi ndidzawaimbira. Ndidzanena kuti ndine. Angodikira tiike maliro."

"Pofika nthawi imeneyo ntchito yatha, viza yatha, kaphapo kali pansi pa dothi ku Ntcheu. Adzakukhulupirira ndani? Adzati wamasiye akuteteza mnyamata wa kutchalitchi kwawo."

"Ndiye ndimubweze Elias ku shedi? Kozizira kuja, kopanda windo lotsegula? Akakhale yekha usiku ndi makina?"

"Tenga china. Chipewa chake cha kuntchito, magalasi ake, ndikakupemphera kwa Bruce. Tipite tonse ukamuitanenso."

"Ndinamuitana kale. Analowa umu. Njira yonse ndamuuza, khomo lino walidziwa. Si galu woti ndizimuitana uku ndi uku." Anamuyang'ana Ketrina m'maso. "Inu mukuti mulibe umu? Nenani. Mukanena kuti mulibe, ndikupatsani pompano."

Linali bodza losavuta kunena, ndipo Ketrina analiika pa lilime. Koma Mable akanalimva kuti ndi bodza, amamudziwa.

"Sindikudziwa, Mable. Mwina alimo. Za akufa sindingalumbire. Ndikungodziwa za wamoyo amene wakhala pa simenti yozizira panjapo."

"Ndikakana?"

"Ndikatuluka muno ndipita kwa Bruce. Ndikanena zimene ndaona."

"Inu, asisi?"

"Ine."

Nyimbo ya panja inatha, ina inayamba. Wina anagogoda kufunsa ngati Mable angamwe tiyi, kenako mapazi anabwerera.

Mable anaweramira kamtolo kaja. Ananong'ona nthawi yaitali, ndipo Ketrina anayang'ana kuwindo kuti asamve, koma mawu ena anamufikabe. "Mwamva za mwana wanu... mukanandikalipira... ndinayesa, bambo, ndinayesa." Anakapsompsona pamwamba pa malaya. Kenako anakonza makwinya a malayawo, anamanga manja ake pamodzi kuti kasagwe, anakaika pabedi pakati pa awiriwo. Sanakapereke m'manja.

"Tengani. Kawauzeni dzina langa, musabise, mwanayo ayere. Akafuna kundimanga akudziwa pamene ndili mpaka m'mawa."

"Bruce sangakumange. Analira pamaso panga."

"Malayawo asawachotse mpaka mutafika. Kunja kukuzizira."

Ketrina anakanyamula. Kanali kopepuka modabwitsa, ngati kapu yopanda tiyi. Anafuna kumugwira Mable paphewa, koma Mable anasuntha pang'ono, pang'ono pokha, dzanja lija linagwira mphepo.

"A Gwanda akandifunsa pamanda kuti mwana wawo ali kuti, ndikanena kuti anatsala ku Glasgow ndi asisi anga."

"Mable..."

"Sindikukudani. Mwachita zoyenera, ndikudziwa. Koma mawa musabwere ku eyapoti."

"Nanga akakugwira dzanja ndani? Ulendo wonse uja wekha?"

"Abambo Overtoun andiperekeza. Tsekani chitseko potuluka."

Anagona chammbali, nkhope kukhoma, mawondo atapinda, manja ali pamimba pamene panalibenso kanthu.

Ketrina anadutsa pabalaza, kamtolo kali m'kati mwa jekete. Azimayi anasuntha miyendo kumupatsa njira osasiya kuimba. Tusekelege, amene anali atakwera ndi beseni la mandasi, anatsegula pakamwa, anaona nkhope ya Ketrina, anatsekanso.

Pa masitepe Atusaye anaimirira msanga. Anaona malaya a buluu aja akusuzumira m'jekete, anawazindikira. Anayang'ana chitseko cha fulati, anayang'ananso malaya. Mwana uja ndi wanzeru, sanafunikire kuuzidwa zambiri. Magalasi ake anachita nthunzi.

"Ndi iwo? Ankafuna kupita nako kumudzi?"

"Ankafuna kupita ndi mwamuna wake."

"Anti, abwezereni. Chonde. Ine ndidzaona chochita, ndidzapeza ntchito ku Lilongwe, sindifa. Abwezereni."

"Khala chete. Wapereka yekha, ndipo sangathe kupereka kawiri. Ukafuna kumuthokoza, ukakapangitse kauluke." Ketrina anamanga mabatani a jekete mpaka m'khosi. "Tsogola, ukaimitse basi. Ine sinditha kuthamanga lero."